Tsiku Limene Nyundo Zinakhala Chete

Mu ufumu wa Tidzaona muli mtsinje umodzi waukulu, dzina lake Sindipempha. Umachokera kumapiri a kumpoto, ndipo ukadzaza sufunsa ngati kumunsi kwagwa mvula kapena ayi. Madzi akafika pa mzere wofiira wa pa mlatho wa Chenjerani, amatenga mphindi 40 kuti afike pa msika wa Pansipansi, mu likulu la Mawamawa. Nthawi imeneyi inayezedwa kanayi m'zaka 30, ndipo kanayi konseko oyezawo anali amene anapulumuka.

Msikawo uli m'chigwa. Kumbuyo kwake kuli kaphiri ka misuku ndi miyala kotchedwa Pumulani. Nyumba ya mfumu ili kuseri kwa kaphiriko, pamtunda pouma, pamene madzi sanafikepo chilengedwere dziko. Ngodya imodzi ya mpanda wake imaonekera pamsika.

Pa nthawi ya nkhani ino pampando panali Mfumu Chiyankhula Wachinayi, Mwini Mawu, Mlomo wa Dziko. Sinali mfumu yankhanza. Sinamenyepo nkhondo ndipo sinapachikepo munthu. Inkangolankhula basi. Lamulo la m'chaka chachinayi cha ulamuliro wake linkati munthu aliyense wopezeka pamene chimkuzamawu cha mfumu chikumveka akhale pansi pomwepo, awombe m'manja Nduna ikakweza mpango, ndipo asadzuke mpaka mawu atatha. Mfumu inkakonda kufika mosayembekezeka, chifukwa inkati chikondi chenicheni sichikonzekera. Alembi a ku bwalo anasunga nthawi ya mawu onse. Aafupi kwambiri anatenga maola awiri ndi mphindi 50, pa tsiku limene mfumu inali ndi chifuwa. Aatali kwambiri anatenga maola anayi ndi mphindi 35.

Alembi omwewo analembanso kuti mfumu ikafika pa msika wa Pansipansi inkapeza anthu ochepa kwambiri. Nduna inafotokoza kuti anthuwo amakhala ali kumunda, kutsata malangizo a mawu apitawo, ndipo bwalo linakhutira.

Pa 3 Okutobala, m'chaka cha 23 cha ulamulirowo, Sigele Kamchacha anabwerera kwawo kuchokera ku yunivesite ya dziko loyandikana nalo. Anabadwira mkati mwa mpanda wa mfumu. Bambo ake, omwe tsopano anali malemu, anagwira ntchito yoima kumbuyo kwa mfumu atanyamula chikho cha madzi kwa zaka 17. Sigele anali atatsala pang'ono kumaliza digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mayeso olemba anakhoza onse. Chinatsala chinali chimodzi: kusonyeza pamaso pa mphunzitsi wake kuti anthu onse a pa msika wa Pansipansi atha kuchoka ndi kukafika paphiri mphindi 40 zisanathe. Popanda chimenecho panalibe digiri. Ndipo mvula inali pafupi.

Pa 6 Okutobala anagwada m'bwalo.

"Mwini Mawu," anatero, "ndikupempha tsiku limodzi loti anthu ayeserere kuthawa madzi, ndiponso chilolezo choliza lipenga lochenjeza."

Lipengalo linali lamagetsi, mphatso yochokera ku dziko lina. Linali litaima pamtengo pakati pa msika kwa zaka zitatu, bokosi lake lili lokhoma, chifukwa mfumu inali isanapeze tsiku lolitsegulira.

Anayankha ndi a Gwadani, Nduna ya Mwambo ndi Kawombedwe ka M'manja, mwini wake wa mpango uja.

"Mwanawe, wati anthu athawe. Athawe motani?"

"Mothamanga, Olemekezeka."

M'bwalo munamveka kung'ung'udza.

"Ndiye kuti wogulitsa mbewa akhoza kufika paphiri mkulu wa boma asanafike?"

"Madzi sadziwa udindo wa munthu, Olemekezeka."

"Limenelo ndi vuto la madziwo," anatero a Gwadani. "Ife tinaleredwa."

Pamenepo mfumu inaimirira, nkulankhula za madzi kwa maola atatu ndi mphindi khumi. Chakumapeto inavomera pempholo, ndipo inapereka ntchito yokonza tsikulo kwa a Gwadani.

Kuyeserera kunachitika pa 14 Novembala. Mphunzitsi wa Sigele, Pulofesa Chikuse, bambo wamfupi wovala mawotchi awiri, anayamba kuwerenga nthawi 8 koloko m'mawa monga mwa ndondomeko. Lipenga silinalire, poti linali lisanatsegulidwe. M'malo mwake panali wapolisi wa wezulo, koma iye sakanaimba mlendo wolemekezeka asanafike, ndipo mlendo wolemekezekayo, yemwe anali a Gwadani eni ake, anafika 10:25. Panali pemphero. Panalankhula anthu khumi ndi mmodzi, aliyense kuyamba ndi kutchula maudindo a onse amene anali pamwamba pake. Panali gule. Kenako anthu anayamba kuthawa motsata mndandanda: nduna pagalimoto, akazi a nduna, alembi, apolisi, ogulitsa nsalu, ogulitsa ndiwo, ndipo pomalizira ana, amene analibe udindo uliwonse.

Madzi nawo analipo. Asilikali asanu ndi atatu ananyamula chinsalu chabuluu, ndiwo anali mtsinje wa Sindipempha. Anafika pakhomo la msika nthawi yake yeniyeni, 8:40, ndipo a Gwadani anawalamula kuti aime kuseri kwa chingwe mpaka ataitanidwa. Anaima pomwepo mpaka masana, wina nkukomoka ndi ludzu.

"Taonani madzi aulemu," anatero aNankhoma, mayi wogulitsa mitsuko, amene anthu a pamsika ankamumvera kuposa wapolisi aliyense. "Sindipempha akanaleredwa chonchi, bwenzi amuna anga alipo."

"Ine ndathawa kale kawiri," anatero wogulitsa makala. "Andibweza kuti ndinathawa nthawi ya ogulitsa nsalu."

Mwana womaliza anafika paphiri 2:12 masana. Pulofesa Chikuse anayang'ana mawotchi ake onse awiri, ndipo anagwirizana: maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 12.

"Mwa kuwerengera kwanga, chemwali," anauza Sigele, "anthu onse afa, ndipo ena afa kawiri. Ndibweranso pa 22 Januwale. Mwayi wachitatu kulibe."

Ku bwalo tsikulo linalembedwa kuti linayenda bwino koposa, poti palibe amene anadutsa mkulu wake.

Sigele anayamba kukhalira pamsika. Ankajambula tinjira, kuwerenga mabenchi, kufunsa mafunso amene anthu ankayankha mwaulemu koma osanenapo kanthu. Anamupatsa dzina loti a Digiri. Aliyense ankadziwa kuti ndi mwana wa kumpanda, ndipo akayandikira, nkhani inkasanduka ya nyengo.

Malo amene ankakonda kukhala anali pamzere wa okhoma ndowa, amisiri asanu ndi awiri otsogozedwa ndi mkulu wina wotchedwa Zuze Kapalepale. Nyundo zawo zinkamveka msika wonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sigele anaona kuti ngakhale pa nthawi ya chakudya sankasiya onse pamodzi. Ankadya mosinthana, wina akudya wina akukhoma, ndipo ntchito ikasowa ankakhoma chidebe chobooka chomwe chinalibe mwini. Iye anangoti ndi khama.

Pa 9 Disembala, nthawi ili 9:14 m'mawa, nyundo zonse zisanu ndi ziwiri zinasiya nthawi imodzi.

Chete wake anali wolasa m'makutu. Sigele anadina wotchi yake mosaganiza, monga anaphunzitsidwira. Palibe anakuwa. Palibe anafunsa mnzake. Amayi anaphimba malonda ndi ziguduli nkunyamuka. Mzere uliwonse unali ndi kanjira kake kolowera kuphiri, ndipo palibe mizere iwiri imene inakumana. Wogulitsa nyama anakweza nkhalamba yosaona mu wilibala ngati munthu wochita chinthu chimene wachita kambirimbiri. Ana anagwira chingwe chimodzi, mtsikana wamkulu patsogolo, mayi wina pambuyo akuwawerenga ndi chala. Womaliza kuchoka anali aNankhoma, atasuzumira kuchimbudzi ndi kuseri kwa chigayo.

Sigele anadinanso wotchi. Mphindi zisanu ndi zitatu.

Anali akadayang'ana wotchiyo, pakamwa pali yasaa, pamene galimoto la chimkuzamawu linalowa mumsika nthawi ya 9:31. Mfumu inapeza Sigele, amalonda awiri achilendo, ndi mbuzi zinayi. Inalankhula za ubwino wa kholowa kwa maola atatu ndi mphindi 40. Sigele anawomba m'manja ka 61.

M'mawa mwake anapita pa benchi la mitsuko.

"Amayi, dzulo munapita kuti?"

"Kumunda, mwanangu. Sunamve Nduna?"

"Anthu zikwi ziwiri, kumunda, pa mphindi zisanu ndi zitatu?"

"Ndife olimbikira."

"Ine ndakhala zaka ziwiri ndikuphunzira chimene munachita dzulo. Mabuku anga onse amati mphindi 25 ndiye zabwino kwambiri."

ANankhoma anapukuta mtsuko umene unali wopukuta kale. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Manja akupweteka?"

"Atupa, amayi."

"Ndiye wabatizidwa. Khala pansi apa." Anatsitsa mawu. "Bambo ako umawadziwa ngati munthu wa chikho. Ife timawadziwa ngati munthu wa kansalu. Mfumu ikati ilankhule, m'mawa mwake imaitanitsa madzi ofunda a uchi. Bambo ako akangomva za uchi, ankayanika kansalu kofiira pampanda. Zuze akakaona, nyundo zii. Zaka 17 munthu uja anaima padzuwa kumva mawu onse, kuti ife tisamve. Lero alipo wina woyanika, koma dzina lake sulimva kwa ine."

Sigele anayang'ana manja ake otupawo. Kenako sukulu inamugwira.

"Nanga bwanji osasiya nyundo madzi akamabwera?"

"Madzi anthu amatsutsana nawo. Uyu ati abwera, uyo ati sabwera, winayo ayang'ana kumwamba nkunena kuti kulibe mtambo. Mfumu palibe amatsutsa. Ndiponso tamvera, a Digiri: zaka 19 nyundo sizinanamepo. Zikati mfumu, ndi mfumu. Zikadzanama kamodzi kokha, tsiku linalo munthu adzati mwina si zoona, adzatsala kuti agulitseko tomato mmodzi, mnzake adzatsala kumudikira, ndiye zathera pomwepo."

"Zimenezo zili pa mutu wachitatu wa buku lathu," anatero Sigele.

"Ndiye wolembayo anagulitsapo pamsika. Koma iwe usalembe. Bwalo likangodziwa, lidzaika msilikali woti azikhoma ndowa. Walumbira?"

Sigele analumbira. Anabwerera kunyumba akudziwa njira yopezera digiri yake, ndiponso akudziwa kuti sangaigwiritse ntchito.

Pulofesa Chikuse anafika tsiku limodzi mayeso asanachitike. Pa 21 Januwale m'mawa anali pamsika, akutsutsana ndi wogulitsa mbaula za kukula kwa mabowo ake. Kunja kunali kowala, dzuwa likuswa mtengo. Mvula inali itagwa kumapiri kwa masiku atatu, koma ku Mawamawa fumbi linali likuuluka.

Nthawi ya 10:52 foni ya Sigele inalira. Anali mlonda wa pa mlatho wa Chenjerani.

"Achemwali, apitirira mzere wofiira. Akubwera ndi mitengo yomwe."

Sigele anaimbira a Gwadani kupempha kiyi wa lipenga.

"Mwanawe, lipenga litsegulidwa pa 3 Malichi. Makalata oitanira alendo anapita kale. Ukufuna mfumu idzatsegule chinthu choti chinalira kale?"

"Olemekezeka, madzi afika pakatha mphindi 37."

"Auze alembe kalata."

Apo panapita mphindi zinayi. Sigele anathamanga m'mizere akukuwa kuti madzi akubwera. Anthu anayang'ana kumwamba, monga aNankhoma ananenera.

"Dzuwa lonseli? A Digiri, pitani pamthunzi."

"Ndi madzi a chinsalu aja? Auzeni aime pachingwe."

"Tithawe motsata mndandanda uti, wakale uja kapena pali watsopano?"

Ena ochepa, makamaka amene anatayapo abale, anayamba kumanga katundu, koma pang'onopang'ono, akuyang'ana anzawo. Apo panapitanso mphindi zisanu ndi zinayi. Nthawi ya 11:05 Sigele anaima pamaso pa Zuze Kapalepale, akupuma mwabefu. ANankhoma anali atamutsatira.

"Bambo, siyani nyundo."

Zuze sanasiye. Analankhula pakati pa kukhomako. "Pampanda palibe kansalu."

"Madzi apitirira mzere wofiira."

"Ndamva. Ndipo ndikukhulupirira, mwanangu, ine ndekha. Koma nyundo izi zimanena chinthu chimodzi. Mfumu ikubwera?"

Sigele anayang'ana wotchi. Anayang'ana ana amene ankasewera pansi pa benchi la nthochi.

"Ilankhula lero."

"Wamva kwa yani?" anafunsa aNankhoma.

"Ndikulumbira pa manda a bambo anga. Dzuwa lisanalowe lero, nonse mumva mawu a mfumu."

ANankhoma anamuyang'ana m'maso, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti pa nthawi imeneyo mawuwo anali bodza. Anatembenukira kwa Zuze nkugwedeza mutu kamodzi.

Nthawi ya 11:08 nyundo zinakhala chete.

Ulendo uno zinatenga mphindi zisanu ndi zinayi. Mphindi yowonjezerayo inapita pa Pulofesa Chikuse, amene anafuna kuti wina amufotokozere kaye chimene chikuchitika. Mwa dongosolo la msika, alendo osamva anali udindo wa wogulitsa nyama, choncho Pulofesa anakwera phiri la Pumulani mu wilibala, pambali pa nkhalamba yosaona ija, mbaula ili pamiyendo, maso ali pa mawotchi ake awiri.

Madzi anafika 11:33, atachedwa ndi mphindi imodzi. Analowera kuchigayo, natenga mabenchi, ziguduli, mitsuko 64 ya aNankhoma ndi chidebe chobooka chija. Mtengo wa lipenga unamira mpaka pamwamba pa bokosi. Paphiri mayi wowerenga anawerenga kawiri: anthu 2,314, osasowapo ndi mmodzi yemwe.

Anthu anaonerera mtsinje ukudya msika wawo. Ena analira, ena anapemphera. Koma patangopita kanthawi, kumbuyo kunayamba kumveka nkhani ina.

"Kodi galimoto la chimkuzamawu waliona ndani?"

"Palibe."

"Kani Zuze amasiya nyundo ngakhale mfumu kulibe?"

"Lero zatithandiza, inde. Koma mawa akadzasiya chifukwa dzino likumuwawa?"

ANankhoma anakokera Sigele pambali. "Watipulumutsa, sindikana. Koma ukumva? Nyundo zikufa tikuona. Unalumbira pa manda."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ndiye?"

"Mundikhululukire pa chimene ndikukachita."

Sigele anatsika kuseri kwa phiri, kumbali youma, nayenda mphindi 25 mpaka kumpanda. Anapeza bwalo likukambirana ngati madziwo anali ndi chilolezo cholowa mumzinda, ndipo ngati analibe, ndani amangidwe. Anagwada.

"Mwini Mawu, anthu 2,314 asonkhana paphiri la Pumulani. Palibe msilikali amene wawakusa. Anangomva kuti Mwini Mawu akubwera, ndipo anasiya malonda awo nkuthamanga."

Mfumu inagwira mkono wa mpando.

"Kuthamanga?"

"Mphindi zisanu ndi zinayi, Mwini Mawu. Okalamba anachita kunyamulidwa."

"Onse a pamsika? Amene amakhala kumunda aja?"

"Onse. Ndipo palibe amene achoke."

Izi zinali zoona. Mbali zitatu za phirilo kunali madzi, ndipo mbali yachinayi ndi imene mfumu inadzera.

Alembi analemba kuti misozi inalengeza m'maso mwa mfumu. M'zaka 23 inali isanaonepo khamu loposa anthu 300 limene silinabwere ndi asilikali. Inaitanitsa madzi ofunda a uchi. Patapita mphindi ziwiri kansalu kofiira kanaoneka pampanda, ndipo Zuze, ali paphiri, anakaona.

"Taonani uko!" anakuwa. "Nyundo zinadziwa kansalu kasanayanikidwe!"

Anthu anayang'ana, nakhulupirira, ndipo anabuula onse pamodzi.

Mfumu inayamba kulankhula 12:50. Poona kuti wobweretsa uthenga wabwinowo anali mwana wa Kamchacha, inalamula kuti apatsidwe ulemu wa bambo ake, choncho Sigele anaima kumbuyo kwa mfumu atanyamula chikho. Pulofesa Chikuse, monga mlendo wophunzira, anamukhazika kutsogolo penipeni, pakamwa pa chimkuzamawu. Mawuwo anayambira pa madzi a tsikulo, napita ku madzi a nthawi ya agogo a mfumu, nadzera pa kholowa, nabwerera kwa agogo aja kuti akonze chaka chimene chinalakwika. Nthawi ya 4 koloko mfumu inati, "Pomaliza," ndipo mwana wina anawomba m'manja mpango usanakwezedwe. Mfumu inaona ngati akupempha zina. Inamaliza 6:02 madzulo, mafuta a jenereta atatha. Maola asanu ndi mphindi 12, kuposa mawu onse a m'mabuku a bwalo.

Chiwerengero cha tsikulo chinali chotere: omira m'madzi, palibe. Okomoka ndi mawu, 43, kuphatikizapo wogulitsa nyama, asilikali awiri ndi Pulofesa Chikuse, amene anakomoka kawiri.

Anthu akudzuka mowongola miyendo, aNankhoma anadutsa pafupi ndi Sigele, yemwe mkono wake unali utauma ndi chikho.

"Nyundo zanena zoona," anatero. "Mawu ako wasunga. Koma ulendo wina, mwanangu, utifunse kaye. Ena tikanasankha madzi. Madzi amaphwera."

M'mawa wa pa 22 Januwale Sigele anapereka lipoti lake. Linali ndi mapu, nthawi ndi ziwerengero zonse, masamba 90. Pa gawo lofunsa njira imene anagwiritsa ntchito pochenjeza anthu, pamene ophunzira ena amalemba masamba makumi awiri, iye analemba mzere umodzi: "Anthu anamva kuti mfumu ikubwera kudzalankhula."

Pulofesa Chikuse anawerenga mzerewo ali chigonere, nsalu yonyowa ili pamphumi.

"Malamulo a yunivesite amati ndikufunseni mafunso osachepera khumi pa gawo limeneli," anatero.

"Funsani, a Pulofesa."

"Ndilibe. Ndinalipo." Anasaina. "Basi yopita kwathu inyamuka nthawi yanji?"

Bwalo nalo linawerenga mzere womwewo, ndipo linaukonda kwambiri moti unalembedwa pachipata cha mpanda ndi utoto wagolide. Pa 25 Januwale panatuluka chilengezo. Phiri la Pumulani linasinthidwa dzina kukhala Mverani. Misuku inadulidwa, ndipo pamwamba pa phirilo panamangidwa nsanja ya simenti. Poti anthu anasonyeza okha kuti amakonda kumvera ali pamenepo, mawu onse a mfumu azilankhulidwa paphiripo, ndipo asilikali azikatenga anthu a pamsika kuti asavutike ndi kuthamanga. Sigele anasankhidwa kukhala Mkulu wa Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi, ndipo anapatsidwa ofesi, tebulo ndi chithunzi cha mfumu. Kiyi wa lipenga anatsala kwa a Gwadani.

Lipengalo linatsegulidwa pa 3 Malichi monga mwa makalata. Mwambo unatenga maola anayi. Mfumu itadina batani, m'bokosi munatuluka matope ndi chule mmodzi. Alembi analemba kuti lipenga linakhala chete polemekeza Mwini Mawu.

Pa 5 Malichi, nthawi ya 9 koloko m'mawa, aNankhoma analowa mu ofesi ya Mkulu wa Ngozi osagogoda. Kuchokera pawindo nyundo zinkamveka, zisanu ndi ziwiri, pamsika womangidwanso ndi mitengo yatsopano. Anayang'ana satifiketi ya digiri imene inali pakhoma.

"Ndiyo imeneyi? Yaing'ono chonchi?"

"Ndi yomweyo, amayi."

"Mitsuko 64 ndi phiri lathu. Ndinkayesa ikhala ngati chitseko." Anakhala pampando wa alendo. "Phiri unatidyera, a Digiri. Zaka 19 tikupuma pamenepo. Tsopano nyundo zikasiya, munthu athawire kuti, kunsanja?"

"Ndakhala ndikuganiza zomwezo. Mvula sinathe."

"Tapeza malo ena."

Sigele anaimirira. "Ndi okwera kuposa pamene madzi anafika?"

"N'chimene ndabwerera. Ife timadziwa kubisala, iwe umadziwa kuyeza. Tenga ndodo yako yoyezera ndi wotchi." Sigele anatambasula dzanja patebulo, koma aNankhoma anamugwira pamkono. "Cholembera usiye."

Malowo ndi okwera mamita anayi kuposa mzere wa madzi a pa 21 Januwale, ndipo chimkuzamawu sichimvekako. Kuchokera pa benchi lomaliza la msika, wilibala imafikako pa mphindi 11. Dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse la ufumu wa Tidzaona, ndipo muno simulembedwanso.